Intaneti yothamanga yafika m'Zambia, koma yafikira ndani?

Pamene kampani ya ZAMNET inayamba nchito pa University of Zambia m'caka ca 1994, dziko lino linali limodzi mwa maiko oyamba mu Africa kulumikizidwa ku intaneti. Pa zaka zambiri zotsatira, mauthenga opita kunja anali kudzera pa setilaiti, yomwe ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 m'mlengalenga. Njirayi inali yocedwa ndiponso yokwera mtengo.

Zinthu zinasintha pamene kunabwera nthambo za fibre, zomwe zimanyamula mauthenga pogwiritsa nchito kuwala kodutsa m'kaulusi ka galasi kopyapyala ngati tsitsi. Nthambo ya pansi pa nyanja ya SEACOM inayamba kugwira nchito mu 2009, ya EASSy mu 2010, ndipo ya WACS inatsegulidwa mu 2012. Nthambo ya Equiano, ya kampani ya Google, inafika ku Swakopmund m'dziko la Namibia mu 2022. Inakonzedwa kuti izinyamula materabit 144 pa sekondi imodzi, ndipo terabit imodzi ndi mamegabit 1 miliyoni.

Popeza Zambia alibe gombe la nyanja ya mcere, amafikira nthambozi kudzera m'maiko oyandikana nao monga Namibia ndi Tanzania. M'kati mwa dziko, makampani a ZESCO ndi Copperbelt Energy Corporation anayika fibre potsatira mizere yao ya magetsi. Nao makampani a mafoni sanatsalire: MTN inakhazikitsa 5G mu November 2022, Airtel inatsatira mu 2023, ndipo Starlink inayamba kugulitsa intaneti ya setilaiti zouluka pafupi ndi dziko mu October caka comweco.

Komabe liwiro la pa nthambo yaikulu si liwiro lomwe munthu amaliona pa foni yake. Pali zinthu zitatu zimene zimaima pakati.

Coyamba ndi mtunda wotsiriza. Fibre imatsatira misewu ikuluikulu ndi njanji, pamene mlimi wa ku Chama kapena mphunzitsi wa ku Shangombo amadalira nsanja imodzi imene anthu ambiri amagawana.

Caciwiri ndi magetsi. Cilala ca 2024 cinacepetsa madzi m'damu la Kariba, ndipo mabanja ambiri anali kuona magetsi maola ocepa cabe pa tsiku. Nsanja za mafoni zinadalira majenereta ndi mabatire, ndipo kumene izi zinalephera, netiweki inazima ngakhale nthambo zinali bwinobwino.

Cacitatu ndi mtengo. Foni yotha kulandira 5G ndi yodula, ndipo intaneti yothamanga imamaliza msanga ndalama za wogula tsiku ndi tsiku.

Palinso ngozi yodalira njira zocepa. Mu May 2024, nthambo za EASSy ndi SEACOM zitaduka kufupi ndi gombe la South Africa, intaneti inavuta m'maiko monga Tanzania, Mozambique ndi Malawi. Dziko lopanda gombe liyenera kukhala ndi njira zingapo, kum'mawa ndi kumadzulo komwe.

Motero nchito yaikulu imene ili pamaso pa boma, bungwe la ZICTA ndi makampani ndi kufikitsa liwiro lomwe lilipo kale ku zipatala, masukulu ndi misika ya kumidzi. Lero malipiro a mbeu, ndalama zotumizidwa pa foni ndi zotsatira za mayeso zonse zimadutsa pa netiweki, ndipo dera limene ilibe mphamvu limatsalira pa zonsezi.