Galu Ameneyu Ndi Wa Ndani?

Mwana akalumidwa ndi galu n'kumutengera kuchipatala, a zaumoyo sachedwa kufunsa mafunso awiri: galuyo ndi wa ndani, nanga anabayidwa katemera wa chiwewe? Makolo ambiri amangoyang'anana. Wina amati anali galu wofiirira, wina amati ayi, anali wamawangamawanga, ndipo eni agalu a m'deralo, poopa kulipira, aliyense amalumbira kuti wake sanatuluke kumpanda tsiku limenelo. Pamapeto pake galu amene waluma mwana amasanduka wopanda mwini, chonsecho madzulo omwewo akudya mkute pakhomo pa munthu. Mwezi uno ndati tikambirane za njira zoikira chizindikiro pa galu kuti azidziwika mwini wake, kuyambira zimene tinazolowera kumudzi mpaka kachipangizo kotchedwa microchip kamene ena mwa inu mwakhala mukufunsa.

Tiyambe ndi chifukwa chake nkhani ya agalu ikupezeka patsamba la zaumoyo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri a iwo ku Africa kuno ndi ku Asia. Pa anthu 100 alionse odwala chiwewe, mpaka 99 amachitenga kwa galu, ndipo mwa anthu khumi alionse amene amafa nacho, anayi amakhala ana osakwana zaka 15. Kachirombo kake kamakhala m'malovu, kamalowera pabala, kenako kamayenda pang'onopang'ono m'minyewa kulunjika ku ubongo. Ulendo umenewu nthawi zambiri umatenga miyezi iwiri kapena itatu, koma utha kutenga sabata imodzi yokha kapenanso chaka chathunthu. Zizindikiro zikangoyamba, monga kuopa madzi ndi kubalalika mutu, ndiye kuti madzi afika m'khosi, pakuti pafupifupi aliyense wofika pamenepo amamwalira.

Apa ndi pamene kudziwa galu kumathandiza. Galu amene ali ndi kachirombo ka chiwewe m'malovu sakhalitsa, amadwala n'kufa pasanathe masiku 10. N'chifukwa chake alangizi a ziweto amati galu woluma munthu amangiriridwe ndi kumuyang'anira kwa masiku 10, osati kumupha msangamsanga n'kukataya kudambo. Akakhalabe wathanzi masiku onsewo, a chipatala amadziwa chochita ndi katemera amene anayamba kupereka kwa wolumidwayo. Koma galu wosadziwika simungamuyang'anire. Zikatero banja limakhala ndi nkhawa kwa miyezi, likuyenda maulendo ofuna katemera amene nthawi zina m'zipatala zazing'ono sapezeka. Chonde mundimve bwino: masiku 10 aja ndi oyang'anira galu, si odikira kunyumba. Wolumidwa atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo, kaya galuyo ali ndi khadi la katemera kaya alibe.

Makolo athu anali nazo njira zawo zodziwira galu. Ena ankadula nsonga ya khutu, ena mchira, ndipo mpaka lero timaona ana agalu akuyenda ndi makutu otuluka magazi atadulidwa ndi lezala kapena mpeni wa kukhitchini. Njira imeneyi ine sindigwirizana nayo. Imazunza chiweto, bala lake limaola ndi kuitana ntchentche, komanso siisiyanitsa kanthu, chifukwa m'mudzi umodzi agalu odulidwa khutu atha kukhala khumi. Lamba wa m'khosi wolembedwa nambala ya foni ndi wabwino kuposa pamenepo, ngakhale kuti amatha kuduka kapena kuvulidwa ndi wakuba.

Anthu okhala ku Blantyre akukumbukira agalu oyenda ndi penti pachipumi. M'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto, linabaya katemera agalu oposa 35,000 mumzindawo m'masiku 20 okha ogwira ntchito. Galu aliyense akabayidwa ankamupaka penti, kuti obayawo asabwereze galu mmodzi kawiri, komanso kuti pozungulira m'makwalala athe kuwerenga kuti obayidwa ndi angati ndipo otsala ndi angati. Kuwerengako n'kofunika chifukwa akatswiri amati agalu 70 pa 100 alionse akalandira katemera, chiwewe chimalephera kufalikira m'deralo. Koma penti ndi ya masiku ochepa. Mvula ikagwa, kapena galu akagubuduka pafumbi, chizindikiro chatha.

Chizindikiro chokhalitsa chimene chinayamba kale kumayiko a azungu ndi kulemba manambala pakhungu ndi singano ndi inki, monga amachitira anthu odzijambula pathupi. Amalemba m'kati mwa khutu kapena m'kati mwa ntchafu, pamene ubweya uli wochepa. Agalu a mpikisano wothamanga a mtundu wa greyhound akhala akulembedwa m'makutu chotere kwa zaka zambiri. Ubwino wake ndi wakuti aliyense wodziwa kuwerenga atha kupinda khutu n'kuona nambala popanda makina alionse. Kuipa kwake nakonso n'koonekeratu. Ntchitoyi imapweteka, motero dokotala wa ziweto nthawi zambiri amayamba wamugoneka galuyo ndi mankhwala. Galu akamakula khungu limatanuka, inki imafufuma, ndipo 3 amayamba kuoneka ngati 8. Pa galu wa khungu lakuda manambala saoneka bwino, ndipo wakuba wouma mtima atha kungodula khutulo. Mayiko a mu European Union anasiya kudalira njirayi pa ziweto zodutsa malire: amavomereza zolemba pakhungu pokhapokha ngati zinalembedwa lisanafike tsiku la 3 July 2011 ndipo zikuwerengekabe bwino.

Tsopano tifike pa microchip. Ndi kachipangizo kakang'ono ngati njere ya mpunga, kotalika pafupifupi mamilimita 12, kokutidwa ndi galasi losawononga thupi. Dokotala wa ziweto amakalowetsa pansi pa khungu ndi jakisoni wa singano yaikulupo, kawirikawiri pakati pa mapewa, ngakhale kuti m'mayiko ena a ku Ulaya amakaika kumanzere kwa khosi. Sipafunika kugoneka galu, ndipo ntchito yake imatha msanga ngati kubaya katemera. M'kati mwake mulibe batire. Kamangokhala phee mpaka wina atayendetsa makina ounikira pamsana pa galuyo. Makinawo amatumiza mphamvu yochepa, kachipangizoko kamadzuka n'kuyankha ndi nambala ya madijiti 15, ndipo nambalayo imaoneka pagalasi la makina. Popeza mulibe batire yoti ithe, kamagwira ntchito moyo wonse wa galu. Nthawi zina kamasuntha pang'ono n'kutsikira kuphewa, n'chifukwa chake wounika wodziwa ntchito amayendetsa makinawo thupi lonse.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amasokoneza, ndipo ndikufuna tizimvetse tisanawononge ndalama. Choyamba, kachipangizoka sikalondola galu. Galu wanu akasowa simungatsegule foni n'kuona kuti ali ku Ndirande kapena ku Kawale, chifukwa makina ounikira amayenera kufika pafupi kwambiri ndi khungu kuti awerenge. Zipangizo zolondolera zilipo, koma ndi zina, zimamangidwa palamba wa m'khosi ndipo zimafuna kutchaja. Chachiwiri, m'kachipangizomo mulibe dzina lanu, mudzi wanu kapena nambala yanu ya foni. Muli nambala yokha basi. Kuti nambalayo ithandize, iyenera kulembedwa m'kaundula wa pakompyuta pamodzi ndi dzina la mwini galu ndi kumene akupezeka. Mukasintha nambala ya foni, kapena mukapereka galuyo kwa mlamu wanu, osakasinthitsa m'kaundula, ndiye kuti galuyo wangonyamula nambala yopanda mwini.

Ku Britain nkhaniyi ndi lamulo. Kuyambira pa 6 April 2016, galu aliyense ku England, Scotland ndi Wales ayenera kukhala ndi microchip akamakwanitsa masabata asanu ndi atatu, ndipo mwini wake wonyalanyaza atha kulipitsidwa mpaka mapaundi 500. Ku England lamuloli linafikanso pa amphaka mu June 2024. Abale athu amene ali kumeneko asadabwe dokotala wa ziweto akawafunsa zimenezi. Nawonso ofuna kusamuka ndi galu kuchoka kuno kupita ku Britain adziwe ndondomeko yake: kachipangizoka kayambe kulowa, katemera wa chiwewe abwere pambuyo. Mukatembenuza, katemerayo sawerengedwa, chifukwa palibe umboni woti galu wobayidwayo ndi yemweyo. Pakatha masiku osachepera 30 amatenga magazi kukayeza ngati katemera wagwira, kenako mumadikiranso miyezi itatu. Ulendo wotere sukonzedwa sabata yonyamuka.

Ndikudziwa funso limene ena mwalisunga mumtima, chifukwa limabwera nthawi zonse tikatchula kachipangizo kolowa pansi pa khungu: kodi chimenechi si chiyambi cha chizindikiro cha chirombo cha pa Chivumbulutso 13? Mauthenga a pa WhatsApp aopseza anthu ambiri ndi nkhani imeneyi. Koma ife Aadventi sitinaphunzitsepo kuti chizindikirocho ndi chipangizo. Timamvetsa kuti nkhani yake ndi ya kupembedza ndi kumvera, ya munthu wosankha yekha pakati pa lamulo la Mulungu ndi lamulo la anthu, makamaka pa za Sabata. Galu sasankha womupembedza. Nambala ya pamsana pake sikusiyana ndi chikwangwani cha pakhutu la ng'ombe kapena nambala ya pagalimoto. Amene safuna kuika kachipangizoka pa galu wake ali ndi ufulu, koma asaweruze mbale mnzake amene waika.

Nanga kwa ife kuno n'kofunika? Maganizo anga ndi akuti zimatengera kumene mukukhala. Zipatala zina za ziweto m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zimaika kachipangizoka. Ngati muli ndi galu wa mtengo wapatali amene akuba amamulakalaka, kapena mukuganiza zodzadutsa naye malire, pitani mukafunse, ndipo musachoke musanadziwe kaundula amene nambalayo yalembedwamo. Pamlandu wolimbirana galu, nambala ya pansi pa khungu ndi umboni wovuta kuutsutsa. Koma kumudzi kumene makina ounikira kulibe, galu wosochera adzapezedwa ndi mnyamata woweta mbuzi, ndipo mnyamatayo sangaone chimene chili pansi pa khungu. Banja la ndalama zochepa likafunsa kuti liyambe chiti, yankho langa ndi katemera. Microchip siteteza galu ku chiwewe ngakhale pang'ono.

Chimene banja lililonse lingathe, ngakhale lopanda ndalama, ndi kusunga khadi la katemera. Ndaona m'makomo ambiri khadi limeneli litasanduka chokulungira njere za dzungu, kapena litadyedwa ndi chiswe kudenga. Liikeni m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi mabuku a kusikelo a ana. Onetsetsani kuti palembedwa dzina la galu, mtundu wa ubweya wake, ngati ali wamwamuna kapena wamkazi, ndi tsiku limene anabayidwa, chifukwa khadi limodzi losalongosoka ena amaligwiritsa ntchito pa agalu atatu. Amene muli ndi foni yojambula, jambulani galuyo mbali zonse ziwiri ndi kumaso, kenako jambulaninso khadilo. Mumangireni lamba m'khosi, wachikopa kapena wansalu yolimba, osati waya, ndipo pakati pa lamba ndi khosi pazilowa zala ziwiri. Mwana wagalu amakula msanga, choncho lambayo muziyang'ana sabata iliyonse kuti angamudye khosi. Nambala ya foni mutha kuikhomerera pakachitsulo kapena kuilemba palambapo ndi inki yosafufutika.

Lambayu amapulumutsanso galu mwini wake. Chiwewe chikabuka m'dera, akuluakulu a ziweto amatha kulamula kuti agalu onse amangiriridwe, ndipo opezeka akuyendayenda amatha kuphedwa. Galu wovala lamba wokhala ndi nambala ali ndi mwayi woti wina ayambe waimba foni.

Pali mbali ina imene eni agalu sitikonda kuimva. Kuika chizindikiro pa galu ndi kuvomereza pamaso pa anthu kuti akaluma munthu kapena akagwira nkhuku ya eni, mlandu ndi wanu. Ndikukhulupirira kuti ichi ndicho chifukwa china chimene ena amakondera galu wosadziwika. Koma taganizirani mayi amene mwana wake walumidwa, akuzungulira khomo ndi khomo kufunsa, aliyense akumukana. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Galu wanu akaluma munthu, tulutsani khadi musanafunsidwe, mumangirire galuyo pamthunzi, muzimupatsa chakudya ndi madzi, ndipo dziwitsani mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu. Akayamba kusintha khalidwe, kutuluka dovu, kulephera kumeza kapena akafa masiku 10 asanathe, uzani banja la wolumidwayo ndi a chipatala nthawi yomweyo, ndipo mtembo wake musaugwire ndi manja.

Pa 28 September chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira matenda a chiwewe. Linasankhidwa tsikuli chifukwa ndi limene anamwalira Louis Pasteur, katswiri wa ku France amene mu 1885 anapereka katemera woyamba wa chiwewe kwa mnyamata wolumidwa ndi galu. M'madera ambiri ntchito yobaya agalu imalengezedwa kudzera kwa mafumu, m'masukulu ndi pawailesi, ndipo nthawi yake imasiyana dera ndi dera. Funsani mlangizi wa ziweto kuti kwanuko ifika liti, ndipo popita ndi galu wanu mutenge khadi lakale kuti tsiku latsopano lilembedwe pomwepo.