Ophunzira zilankhulo za kompyuta asamavutike okhaokha

Mkonzi,

Ndiloleni kudzera m'nyuzipepala yathu yokondedwayi ndilankhulepo pa nkhani ya anyamata ndi atsikana a m'malokeshoni a mzinda wa Blantyre, monga Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi kuno ku Machinjiri, amene akuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta.

Masiku ano ana ambiri akalemba mayeso a Fomu 4, poti malo a ku yunivesite ndi ochepa ndipo ntchito ndi yosowa, akumayamba kuphunzira luso limeneli. Ena makolo awo akuwalipirira ku timasukulu ta kompyuta ku Limbe ndi m'tauni, pomwe ena akudziphunzitsa okha pa foni kapena pa laputopu yakale. Chondidandaulitsa n'chakuti ambiri mwa iwo akusiyira panjira. Ana amenewa nzeru ali nazo, koma akakodwa pa kanthu kakang'ono amasowa womufunsa, ndiye amataya mtima, ndalama za makolo n'kulowa m'madzi.

Kwa makolo anzanga amene simukuzidziwa bwino izi, chilankhulo cha kompyuta ndi njira yolembera malangizo oti makinawo atsatire. Zilankhulozi zilipo zambiri, koma chimene ana ambiri akuyambira ndi Python, chomwe adachitulutsa a Guido van Rossum a ku Netherlands m'chaka cha 1991, ndipo munthu amachitenga ulere. Ine sindine katswiri wa makina. Ndine mphunzitsi wa pulayimale amene ndidagwira choko zaka zoposa 30 m'sukulu za kumudzi. Koma ndili ndi adzukulu awiri amene akuphunzira Python, ndipo pokhala nawo pakhonde ndaona kuti zimene zimawapunthwitsa n'zofanana ndi zimene zinkapunthwitsa ana anga a Sitandade 4.

Taonani. Kompyuta imasiyanitsa lembo lalikulu ndi laling'ono, kotero mwana akalemba "Mtengo" pamzere woyamba, n'kulemba "mtengo" pamzere wachisanu, iyo imati mawu achiwiriwo sikuwadziwa. Akatsekula mitengero n'kuiwala kutseka, pulogalamu yonse imakana kuyenda. Akaiwala timadontho tiwiri kumapeto kwa mzere woyamba ndi "if", kapena akapanda kulowetsa mkati mzere wotsatirawo, imakananso. Powerenga zinthu zondandalikidwa, Python imayambira pa 0 osati pa 1, ndiye mwana akafuna dzina loyamba n'kulemba 1, imam'patsa lachiwiri.

Chinanso chimene chimasokoneza ana ndi ichi: mwana walemba kapulogalamu kothandiza mayi ake kuwerengera ndalama za banki m'khonde. Mayi walemba 200, kenako 300, koma makina m'malo moyankha kuti 500 akuyankha 200300. Mwana amakhala usiku wonse akuganiza kuti laputopu yafa. Chonsecho vuto n'lakuti Python imalandira zimene munthu wataipa ngati mawu chabe, ndipo imangozilumikiza pokhapokha itauzidwa ndi kaliwu kakuti "int" kuti zimenezi ndi nambala. Munthu woidziwa nkhaniyi angam'masule mwanayo pa mphindi ziwiri zokha. Koma munthuyo ali kuti?

Pamwamba pa izi, makina akakana amanena chifukwa chake ndi nambala ya mzere umene wavuta, koma amanena m'Chingerezi cholimba. Ana ambiri akangoona malembo amenewa amachita mantha n'kutseka osawerenga n'komwe. Onjezerani pamenepo kuzimazima kwa magetsi ndi kudula kwa bandulo, muona kuti mwana wa m'lokeshoni sangathere tsiku lonse pa intaneti kufunafuna yankho ngati mnzake wa ku Namiwawa.

Mkonzi, vuto la munthu wophunzira ntchito wopanda womufunsa si lachilendo m'dziko muno. Boma la a Bakili Muluzi litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana m'sukulu chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Boma lidalemba aphunzitsi pafupifupi 20,000 amene adali asanapite ku koleji, ndipo adangophunzitsidwa masabata ochepa n'kuwatumiza m'makalasi. Ife amene tidali ndi masatifiketi tidawalandira anyamata ndi atsikana amenewo. Mafunso awo adali a tsiku ndi tsiku: kalembedwe ka sikimu, kadzazidwe ka rejisitala, kaphunzitsidwe ka samu yogawa kwa ana 120 pansi pa mtengo wa mango.

Chidawapulumutsa n'chiyani? Maphunziro a MIITEP, amene adayamba mu 1997, adathandiza ndithu, komanso malo okumaniranapo aphunzitsi otchedwa TDC amene adamangidwa m'mazoni. Koma mtima wa zonsezi udali umodzi: mphunzitsi watsopano ankabwera ndi vuto lake, n'kulitula pamaso pa anzake, ndipo wodziwa ankamuonetsa. Amene ankafunsa adakhwima msanga, ena lero ndi mahedimasitala. Amene ankachita manyazi adavutika zaka zambiri, ndipo adavutitsanso ana osalakwa. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

N'chifukwa chake ndikupempha kuti ana athu ophunzira za kompyuta akhale ndi malo okumaniranapo m'malokeshoni mwawo momwemo. Sizifuna thandizo la kunja ayi. Kalasi imodzi ya pulayimale kapena holo ya tchalitchi kapena ya pamzikiti Loweruka masana, soketi imodzi ndi bolodi, basi. Aliyense abwere ndi vuto limene lam'kanika sabata imeneyo. Mahedimasitala anzanga amene mudakali pantchito, pamodzi ndi makomiti a sukulu, makalasi anu amakhala otseka Loweruka lonse. Kodi simungapereke kiyi wa chipinda chimodzi?

Ndikupemphanso ophunzira a ku MUBAS, yomwe tinkaidziwa kuti Polytechnic isanakhale yunivesite payokha mu 2021. Ambiri mwa inu mumachita lendi m'malokeshoni omwewa ndipo mumakwera minibasi limodzi ndi ana amenewa. Maola awiri pa sabata sangakugwetseni mayeso. Ife aphunzitsi timadziwa kuti phunziro umalimvetsa bwino tsiku limene walifotokozera mnzako. Ku Lilongwe kudakhazikitsidwa malo otchedwa mHub, amene adayambitsa Mayi Rachel Sibande, ophunzitsirako achinyamata za kompyuta. Ntchito yotere ndi yotamandika, koma mwana wa ku Bangwe akufunika womuthandiza wa pafupi, woti n'kumupeza wapansi.

Kwa inu ana, kufunsa nakonso kuli ndi mwambo wake. Musamangoti "sizikutheka," pakuti ngakhale kuchipatala dokotala amafunsa pamene pakupweteka. Nenani chimene mumafuna kuti pulogalamu ichite, chimene yachita m'malo mwake, ndi zimene mwayesapo kale. Koperani m'kope mawu onse amene makina alemba pokana, osasiyako lembo, ndipo muyambe mwawerenga nokha ndi dikishonale pambali. Vuto likatha, lembani m'kope momwemo mmene lathera, chifukwa lidzabweranso mwezi wamawa magetsi atazima ndipo bandulo itatha. Kumbukirani William Kamkwamba wa ku Kasungu, amene adasiya sukulu chifukwa chosowa fizi, koma adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo cha m'ma 2002 pothandizidwa ndi mabuku a m'laibulale yaing'ono ya kwawo, ngakhale Chingerezi chidali chomuvuta.

Kwa inu othandiza, musamulande mwana laputopu n'kumukonzera nokha iye akungoyang'ana. Kutero kuli ngati mphunzitsi wolembera mwana samu m'kope mwake: kope limaoneka bwino koma mutu uli mbee. Mufunseni kuti awerenge mzere umene wavuta mokweza, nthawi zambiri amaliona yekha vutolo. Ndipo musamuseke. Mwana amene wasekedwa kamodzi pagulu safunsanso, makamaka mtsikana amene ali yekha pakati pa anyamata khumi.

Ena anena kuti zonsezi n'zachikale, poti kuyambira mu 2022 kuli ChatGPT ndi zinzake zimene zimayankha funso lililonse pa foni. N'zoona, ndipo adzukulu anga amazigwiritsa ntchito. Koma makina amenewa nthawi zina amapereka yankho lolakwika mosaphethira, ndipo mwana wosadziwa sangazindikire. Komanso mwana akazolowera kungokopera yankho, tsiku lofunsidwa ntchito adzangoti kukamwa yasa. Agwiritse ntchito makinawo, koma Loweruka abwere adzafotokozere anzake mzere ndi mzere chifukwa chimene yankholo likugwirira ntchito.

Pomaliza, makolo anzanga, mukaona mwana wakhala duu pa laputopu nkhope itakwinyika, musafulumire kunena kuti akuseweretsa nthawi. Mufunseni chimene cham'kanika, ngakhale inu simungachimve, ndipo mum'thandize kupeza woti amufunse. Mutu umodzi susenza denga.

Ine wanu wokhudzidwa,

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Machinjiri, Blantyre.