Kuonera Kanema Popanda Wosuzumira

Munthu akamaonera kanema pa YouTube amayesa ali yekha, koma ayi ndithu. Kampani ya Google, imene inagula YouTube mu 2006, imasunga zimene waonera ndi zimene wafunafuna, kuti izimutumizira malonda. Wofufuza za matenda ake kapena za ndale amasiya mapazi poyera.

Pothawa zimenezi, mu 2018 kunabadwa pulogalamu yaulere yotchedwa Invidious. Imakatenga kanema ku YouTube n'kumuonetsa popanda malonda, ndipo sifuna akaunti ya Google. Inzake ndi Piped.

Komatu kuonera pa Invidious ya pa makina a munthu wina n'kungosintha mlonda, pakuti mwini makinawo angathe kuona zonse. Ndiponso mu 2023 YouTube inalembera kalata opanga Invidious kuti aleke, ndipo mu 2024 inatsekereza makina ambiri otere.

N'chifukwa chake ena amaiika pa kompyuta ya kunyumba kudzera mu Docker, mndandanda wa zoonera uzigona pakhomo. Google imaonabe nambala ya intaneti ya nyumbayo, koma sidziwa kuti m'banjamo waonera ndani. Mtengo wake ndi magetsi, intaneti ndi khama lokonza pulogalamuyo YouTube ikasintha zinthu.