Pamwamba pa Carlton venda saoneka

Anzanga a pamsika, sabata ino tisiyeko kaye za mitengo ya katundu, tikwere m'mwamba pang'ono.

Inu amene mumakaoda ku Joni mukuidziwa Carlton Centre. Ambiri mumangolowa m'mashopu a pansi paja, kugula nsapato, n'kuthamangira basi ku Park Station. Koma ndi angati munakwezako maso? Nyumbayo ili ndi nsanjika 50, kutalika mamita 223. Kuyambira 1973 panalibe inzake yoiposa mu Africa muno, mpaka The Leonardo ya ku Sandton inailanda ufumu mu 2019.

Ine ndinaikwera mu 2018, basi yathu itatigoneka tsiku lina. Chikepe chake, abale, makutu kuchita kutseka. Pamwamba penipeni, pomwe ankapatcha Top of Africa, n'magalasi okhaokha mbali zonse. Kumpoto Hillbrow Tower ili njo, pambali pake Ponte yozungulira ngati mgolo. Chakumadzulo bwalo la FNB lija analimanga ngati chipanda. Kummwera milu yachikasu ya dothi la m'migodi. Pamenepo ndinaima nthawi ndithu, chifukwa dothi lina pamenepo analikumba ndi agogo athu a Wenela ndi Theba.

Kenaka ndinayang'ana pansi. Ndimafuna ndione mayi amene ndinawadutsa pakona akuotcha chimanga. Ayi ndithu, sanaoneke. Mbaula yawo, utsi, makasitomala, zonse zii. Anthu ngati nyerere, maminibasi ngati mabokosi a machesi. Phokoso silifika, fungo silifika. Mzinda umangooneka ngati mapu, misewu ili mbee, yowongoka bwino.

Ndiye ndinati eya, kani mabwana okonza mizinda amationa chonchi? Ukakhala pawindo lotere, venda si munthu wa ana anayi ndi ngongole ya kubanki m'khonde. Ndi kadontho kodetsa mapu. Ukaona malo opanda kanthu kutali uko umangoloza ndi cholembera: msika ukhale apo. Kuti kasitomala sadutsako, kuti amatsika minibasi pakona ina n'kugula tomato akuthamanga, zimenezo pamwamba sizioneka.

Musati ndikupeka. Mu 2013 khonsolo ya Johannesburg inachita Operation Clean Sweep, kuthamangitsa mavenda zikwizikwi m'misewu yomweyo ndimaiyang'anayo, ngakhale amene anali ndi ziphaso. Zinatengera khoti lalikulu loona za malamulo a dziko, mu December chaka chomwecho, kulamula kuti abwerere pamalo awo. Kwathu kuno Operation Dongosolo ya 2006 nonse mukuikumbuka, sindichita kukuuzani.

Chondiwawa kwambiri chinali pafupi pomwepo. Moyandikana ndi nyumbayo pali Carlton Hotel, nsanjika 30, yomwe inatsekedwa mu 1998. Tsiku limenelo inali ikadali chitsekere, zipinda mazanamazana zopanda munthu, pamene pansi pake anthu akukanganirana kamalo koyala chiguduli chimodzi.

Sindikuti tizigulitsira pakati pa msewu, ayi. Ngalande zotsekeka ndi makoko a nthochi zimatinunkhira ife tomwe, ndipo kolera ikabwera imayambira kwa ife. Koma makhansala tinayambanso kuwasankha mu 2014. Inu a komiti ya msika, akabweranso ndi nkhani yosamutsa anthu, musalole kuti ikathere mu ofesi. Auzeni abwere adzaime nanu padepoti 5 koloko madzulo, awerenge okha kumene mapazi a ogula akulowera, kenaka aloze malo.

Nditatsika ndinapita pakona paja. Mayi aja analipo, akukupiza moto ndi kachibokosi, diso limodzi pachimanga, lina kumsewu kuopa galimoto ya apolisi a mzinda. Ndinawauza kuti ndachokera pamwamba apo. Anayang'ana nyumbayo kamodzi, n'kundifunsa ngati ndikufuna chamchere.