Tiyi wa paphiri asamadye nkhuni

Nthawi ya holide ine ndi anzanga anayi tinakwera phiri la Mulanje kudzera ku Likhubula, ndipo tinakagona ku Chambe. Kunkazizira kwambiri. Mlonda wa kanyumba kogona alendo anatisonkhera moto, ife n'kumangotereka ketulo. Usiku umenewo tinamwa tiyi kanayi, ndipo pofika m'mawa mtolo wonse wa nkhuni unali phulusa. Chimenechi chinandichititsa manyazi. Tinakwera kukaona kukongola kwa phiri, koma tinatsika titaotcha kachigawo kake.

Kuyambira pamenepo ndimayenda ndi kambaula ka spiriti komwe ndinapanga ndekha, ndipo ndikuona kuti aliyense wokwera phiri ayenera kukhala nako.

Kapangidwe kake n'kosavuta. Mumatenga zitini ziwiri za zakumwa zoziziritsa kukhosi n'kudula kumunsi kwa chilichonse, kutalika ngati masentimita 3. Chimodzi mumachiboola timabowo ting'onoting'ono ndi singano kuzungulira m'mphepete, komanso bowo lothirira pakati. Kenako mumachivundikira pa chinzakecho mpaka zigwirane. Mukathira spiriti, uja wapepo wogulitsidwa m'mashopu a utoto ndi misomali, n'kuyatsa, chitini chimatentha, spiritiyo amasanduka nthunzi, ndipo nthunziyo imatulukira m'timabowo muja ili moto. Kwa ine masupuni awiri aakulu amawiritsa theka la lita ya madzi pasanathe mphindi 10, bola ndikatchingire mphepo. Anthu oyenda maulendo ataliatali apansi ku America, monga a pa Appalachian Trail, akhala akugwiritsa ntchito timbaula totere kwa zaka zambiri chifukwa sitilemera m'chikwama.

Mnzanga wina ananditsutsa. Anati mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, sunathe chifukwa cha tiyi wa ophunzira, koma chifukwa cha ocheka matabwa mozemba ndi moto wolusa. Sakunama. Koma pang'onopang'ono ndi mtolo. Nkhuni iliyonse yomwe timasonkha kumtunda kuja imachokera m'phiri lomwelo, ndipo pali munthu amene amaisenza. Ife amene timalemba m'kalasi nkhani zodzudzula ootcha makala, tingalephere bwanji kudziletsa pa kapu ya tiyi? Wootcha makala akufuna chakudya cha ana ake. Ife timakwera phiri pofuna kusangalala basi.

Sindikunena kuti kambaulaka kalibe vuto. Nsima ya anthu asanu simungaphikirepo. Moto wake sutheka kuuchepetsa kapena kuukuza, ndipo chiperoni chikawomba, spiriti amangotha madzi asanawire. N'koyenera tiyi, phala ndi mazira. Moto wootha usiku wa mwezi wa Juni udzafunikabe, koma ukhale umodzi, woothera, osati wosonkhezera nthawi iliyonse munthu akalakalaka tiyi.

Choopsa kwambiri n'chakuti masana lawi la spiriti silioneka bwino. Ine ndinapsapo chala poganiza kuti moto wazima. Choncho musathire spiriti wina chitini chikadali chotentha, musayatsire pa udzu wouma kapena m'tenti, ndipo musayerekeze kuthiramo petulo. Ikani kambaulako pa mwala wafulati. Botolo la spiriti lilembedwe bwino, chifukwa ndi poizoni munthu akamwa. Kambaula kogubuduzika mu Okutobala kangathe kuotcha mitengo yambiri kuposa nkhuni zonse zomwe kanapulumutsa. Amene sangasamale, ndi bwino angonyamula tiyi wake m'fulasiki.

Chomwe ndimakakondera kwambiri n'chakuti kamandiphunzitsa kuyeza. Ndisananyamuke ndimawerenga makapu omwe ndidzamwe, ndipo ndimanyamula spiriti wokwanira makapu amenewo. Pa nkhuni sindinkawerenga chifukwa sindinkasenza ndine. Ulendo ukubwerawu tikufuna kukafika pa Sapitwa, mamita 3,002, ndipo anzanga ndawauza kale kuti aliyense abwere ndi zitini zake ziwiri Loweruka.