Kucoka Sikuthawa

Pali nthenda imene yafala pakati pa anyamata ndi atsikana otsiriza sukulu, ndiyo kuganiza kuti Cingelezi cabwino ndi ca mau atali ndi okuluwika. Wodwala nthendayi akafuna kulemba kuti munthu anacoka msanga, sakhutira ndi mau afupi akuti "he left quickly", pakuti amawayesa mau a ana a kalasi yoyamba. Cotero amatsegula buku lace la zining'a, natolamo "he absconded", kapena "he deserted", kapena "he took French leave", nalemba mokondwa, osadziwa kuti wasenzetsa mlandu mnzace wosacimwa.

Nkhaniyi ioneka yaing'ono, koma siili tero ai. Zambia atalandira ufulu mu 1964, Cingelezi cinakhalabe cinenero ca Boma, ndipo makalata a m'maofesi, malipoti a polisi ndi zolembedwa za m'mabwalo akulu a milandu zili m'cinenero cimeneco. Liu limene kalaliki alemba lero limalowa m'faelo, nilikhala momwemo zaka zambiri, mwini wace ataliiwala kale. Wodzaliwerenga pambuyo pace sadzafunsa cimene cinali mumtima mwa wolembayo. Adzangokhulupirira cimene liulo litanthauza.

M'Cinyanja ngakhale mwana sasokoneza kucoka, kuthawa ndi kuzemba. Mkamwini akalawira mbandakuca kunka kumunda, apongozi ace nauza anthu kuti wathawa pamudzi, nkhaniyo siingathe popanda ankhoswe. Onse adziwa kuti wocoka alibe cifukwa, wothawa ali ndi cimene akuopa, ndipo wozemba ali ndi cimene akubisa. Nanga n'cifukwa ninji munthu yemweyo, wosamala cotere pa cinenero ca amace, akagwira colembera ca Cingelezi amayesa mau onse onena za kucoka ali amodzimodzi? Angelezi naonso amasiyanitsa, ndipo amasiyanitsa kolimba.

Liu losaweruza munthu ndilo "left". Limangonena kuti munthuyo analipo, tsopano palibe. Wofuna kuonjezapo za kufulumira alembe "he left quickly", "he left in a hurry", "he left at once", kapena "he hurried away". Pamenepa pali mbuna zitatu zimene ambiri amagwamo: kulemba "leaved" m'malo mwa "left", kulemba "left quick" mosiya "ly", ndi kulemba "in hurry" moiwala kaliu kakang'ono "a". Zolakwa izi n'zocititsa manyazi, koma sizipweteka munthu. Zopweteka ndi zotsatirazi.

"Fled" ndi "ran away" ndi kuthawa kwa munthu wamantha, amene moto, nkhondo kapena mdani ali pambuyo pace. "Took to his heels" ndi cimodzimodzi, koma mwanthabwala, monga Anyanja amati analiyatsa liwiro la mtondo wadooka. Kulembera munthu wamkulu mau otere ndiko kumseka. "Escaped" anena za wopulumuka m'ndende, m'msampha kapena m'ngozi. "Absconded" ndi liu locokera ku Cilatini, kumene muzu wace utanthauza kubisa, ndipo limanenedwa za munthu wozemba lamulo: msungacuma wothawa ndi ndalama za anzace, kapena woimbidwa mlandu amene anamasulidwa pa belo nasowa tsiku la mlandu wace.

Liu lolemera koposa onse ndi "deserted". Mwini wace weniweni ndi msilikali wotaya gulu lace, kapena mwamuna wosiya mkazi ndi ana osafuna kubweranso. Koma m'maiko a kuno kumwera kwa Africa liuli lili ndi mbiri yowawa. M'masiku a atsamunda, wanchito wosiya nchito pangano lace lisanathe anali kuchedwa "deserter", ndipo anali kulipitsidwa kapena kumangidwa. Ku Cape lamulo la Masters and Servants linakhazikitsidwa mu 1856, ndipo malamulo a mtundu umenewo sanafafanizidwe ku South Africa kufikira 1974. Bungwe la International Labour Organisation linacita mapangano awiri otsutsa zilango zotere, mu 1939 ndi mu 1955. Amuna ambiri olankhula Cinyanja amene anapita kumigodi ya ku Johannesburg ndi kuminda ya fodya ya ku Southern Rhodesia anadziwa kulemera kwa liulo, angakhale sanadziwe kulilemba. Kodi n'coyenera kuti mdzukulu wao, amene waphunzira, aliponyere mnzace cifukwa cabe cakuti limveka bwino m'khutu?

Ndipo "French leave" uja, wokondedwa ndi olemba cimangirizo, atanthauza kucoka osapempha cilolezo kapena osatsazika. Angelezi anayamba kunena mauwa m'zaka za m'ma 1700 ponyoza Afalansa, ndipo Afalansa anabwezera: kwao wocoka osatsazika amati wacoka mwa Cingelezi, "filer à l'anglaise". Awa ndi matonzo a anansi awiri okhala kutsidya lino ndi kutsidya lija la nyanja imodzi. Kalaliki wa ku Cipata kapena ku Lusaka alowamo bwanji m'ndeu ya eni ace?

Nkhani ingagwe motere. Mesenjala wa pa ofesi alandira uthenga wakuti mwana wace wakomoka kunyumba. Auza mnzace, nakwera njinga mothamanga. Mkulu wa ofesi auza kalaliki kuti alembe zimene zacitika. Kalaliki wanzeru alemba kuti, "He left the office in a hurry at 10 o'clock because his child was ill." Wowerenga aona tate wacifundo. Koma kalaliki wodzionetsa alemba kuti, "He absconded from duty." Wowerenga aona munthu wosakhulupirika, mwina mbala. Tsiku limene mesenjalayo adzapempha kukwezedwa, kapena kalata ya umboni pofuna nchito yina, liu lija lidzadzuka m'faelo ndi kumtsutsa, iye osadziwa kumene tsoka lacokera.

Ena adzati, "Zining'a ndizo mcere wa cinenero, ndipo aphunzitsi amapatsa malikisi ambiri kwa wozidziwa." N'zoona kuti zining'a zikometsa nthano ndi maceza, ndipo wophunzira ayenera kuzidziwa kuti amve zimene awerenga. Koma mcere suthiridwa m'cakudya ciri conse. Wouthira m'phala la mankhwala aononga. Lipoti si nthano. Ndiponso mlandu wina uli pa aphunzitsi amene amaloweza ana mndandanda wa mau pansi pa mutu umodzi, ngati kuti "leave", "flee" ndi "abscond" ndi ana amapasa, osawauza kuti lina ndi madzi ndipo lina ndi ululu.

Enanso adzati mau afupi aonetsa kucepa kwa maphunziro. Amenewa amve ici: Boma la Britain, kwao kwa Cingelezi, linapempha Sir Ernest Gowers kuti alembere anchito ace buku lowaphunzitsa kuleka mau odzitukumula. Bukulo, Plain Words, linaturuka mu 1948, ndipo mu 1954 linasindikizidwanso pamodzi ndi linzace pa dzina lakuti The Complete Plain Words. Ngati eni cinenero anaona kuti mau atali abisa nzeru, wobwereka cineneroco apindulanji powakundika?

Cotero wotsiriza sukulu, asanalembe za kucoka kwa munthu, adzifunse mafunso atatu. Kodi munthuyo anali kuopa kanthu? Kodi anali womangidwa? Kodi anali kubisala lamulo kapena kutaya udindo wace? Ngati yankho la onse atatu ndi iai, kapena ngati wolembayo sadziwa, liu lace ndi "left", ndipo aonjezepo nthawi ndi cifukwa ngati azidziwa. Ngati akayika tanthauzo la liu, atsegule dikishonale kapena afunse wamkulu, pakuti safunsa anadya phula. Koma pa nkhani iyi phulalo salidya wolemba: amalidya munthu wolembedwayo, pamodzi ndi ana ace.