Kangolo ka pamtsetse: mpikisano wa mwana kapena wa atate ake?

Pa mipikisano yonse ya liwiro, uwu ndi umene umaoneka ngati munthu sangabere. Kangolo kalibe injini, kalibe zopalasa, ndipo palibe wokakankha. Amangokaika pamwamba pa chitunda, chotchinga n'kugwa, mtsetse n'kugwira ntchito yake. Mphamvu imene imakokera zinthu pansi siyang'ana nkhope: mwana wa kalipentala ndi mwana wa mwini fakitale imawakoka chimodzimodzi. Komabe mpikisano wa ana wa All-American Soap Box Derby, umene umachitikira ku Akron m'chigawo cha Ohio ku America, wakhala ndi mkangano umodzi kwa zaka zambirimbiri. Kodi mwana asiyidwe adzikhomere yekha kangolo mmene akufunira, kapena onse apatsidwe zipangizo zofanana kuti wina asapondereze mnzake?

Masewerawa anabadwira mumsewu. Mu 1933, chuma cha America chitagwa ndipo mabanja ambiri alibe ndalama yogulira ana zidole, Myron Scott, wojambula zithunzi wa nyuzipepala ya Dayton Daily News, anapeza anyamata akuthamangitsana pamtsetse wina mumzinda wa Dayton pa tingolo todzipangira okha. Anawauza kuti adzabwerenso ndi anzawo. Mu Ogasiti chaka chomwecho ana 362 anafika ndi tingolo ta matabwa otola, mabokosi akale ndi matayala ochotsa ku zikuku za makanda, ndipo anthu pafupifupi 40,000 anakhamukira kukaonerera. Kampani ya magalimoto ya Chevrolet inaona mwayi n'kuikapo ndalama. Mu 1934 mpikisano unakhala wa dziko lonse, ndipo anapambana Robert Turner wa ku Muncie, Indiana, mnyamata wa zaka 11 amene kangolo kake anakapanga ndi matabwa ochokera mu bala. Chaka chotsatira mpikisanowu unasamukira ku Akron, ndipo mu 1936 boma, kudzera mu ntchito zachitukuko zimene linkalembera anthu osowa pogwira, linamanga msewu wapadera wa mpikisanowu wotchedwa Derby Downs. Scott uja anadzalowa ntchito ku Chevrolet, ndipo ndi iye anatcha dzina galimoto yotchuka ya Corvette.

Lamulo la masiku amenewo linali lomveka bwino. Mwana apange yekha, wamkulu angolangiza pakamwa, ndipo ndalama zogulira zipangizo zisapitirire malire amene anaikidwa. Amene amalira nyengo imeneyo ali ndi nkhani zoti ukamamva sungawatsutse msanga. Mu 1946, mpikisano utayambiranso nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, Gilbert Klecan wa ku San Diego anapaka graphite, zakuda zija zimakhala m'kati mwa pensulo, pa kangolo kake mpaka kumaso kwake komwe, poganiza kuti mphepo izingoterereka. Anapambana. Mu 1952 Joe Lunn wa ku Georgia anawomba chipupa pa ulendo wake woyamba, kangolo n'kuphwanyika kutsogolo, iye n'kuvulala. Anakamatamata, n'kubwerera pamzere, n'kutenga chikho. Kaya graphite uja anathandizadi kapena ayi, ana amenewa ankaganiza okha, kulakwitsa okha, n'kukonza okha.

Mfundo ya mbali imeneyi ndi yolimba. Mwana amene wapinda yekha galimoto ya mawaya amadziwa chimene chimapangitsa chiwongolero kukana kukhota, chifukwa chinamukanapo kangapo asanachipeze. Nzeru yotere sigulitsidwa m'bokosi. Wochekera yekha thabwa amaphunzira kuyeza, amaphunzira kuti thabwa lauwisi limapindika likauma, amaphunzira kuti msomali wokhomedwa molakwika umang'amba ntchito ya sabata yonse. Ngati cholinga chinali kulera amisiri ndi mainjiniya a mawa, ndiye ufulu wopanga unali mtima wa mpikisanowo, ndipo kuthamanga kwa theka la mphindi kunali kongomalizira.

Vuto lili mu theka la mphindi lomwelo. Msewu wa Derby Downs ndi wa mamita pafupifupi 300, ndipo kangolo kamaumaliza masekondi 30 asanakwane. Popeza mtsetse umakoka onse mofanana, wopambana amadziwika ndi tinthu ting'onoting'ono: maberingi ozungulira mosakhula, maekiselo olunjika bwino kuti matayala asamalimbane okhaokha, thupi la kangolo lodula mphepo, ndi malo amene kulemera kwaikidwa. Kulemera kukakhala cha kumbuyo kumayambira pamwamba pang'ono pa chitunda, choncho kumatsika mtunda wochulukirapo n'kupereka liwiro lowonjezera. Kusiyana kwa woyamba ndi wachiwiri nthawi zambiri diso silingakuone, amachita kuyang'ana chithunzi. Tsono taganizani. Mphoto yake ndi ndalama zolipirira koleji, owonerera ali masauzande ambirimbiri, nyuzipepala ya kwanu yakuika patsamba loyamba, ndipo zonsezi zikudalira kulunjika kwa ekiselo kumene mwana wa zaka 12 sangakuyeze ndi rula ya kusukulu. Ndi bambo uti wodziwa zamakina amene angapinde manja n'kumangolangiza pakamwa?

Okonza mpikisano anazindikira msanga zimenezi, n'chifukwa chake analamula kuti onse azigwiritsa ntchito matayala a mtundu umodzi. Koma galaja ya munthu usiku palibe amene ankatha kuilondera. Pofika m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1970, tingolo tambiri topambana tinali tosalala ngati tochokera mufakitale, mwana atagona chagada m'kati, kungooneka maso okha.

Chithupsa chinaphulika mu 1973. Mnyamata wa zaka 14 wa ku Boulder, Colorado, anapambana, koma anthu anali ataona kuti kangolo kake kamatsomphoka poyambira ngati kakankhidwa, ndipo liwiro lakelo linkacheperachepera ulendo uliwonse. Atakaunika ndi X-ray anapeza maginito oyendera magetsi obisika kumphuno kwa kangoloko, mawaya ndi batire. Mnyamatayo akatsamira mutu kumbuyo, chipewa chake chinkadina switchi, maginito n'kukakamira chitsulo chotchinga poyambira. Chitsulocho chikamagwera kutsogolo chinkakoka kangolo. Batire ikamatha, matsengawo ankathanso. Patangopita masiku awiri analandidwa chikho, n'kuchipereka kwa Bret Yarborough wa ku California. Nzeru ya maginitoyo inachokera kwa wachibale amene ankamulera, Robert Lange, mwini kampani yopanga nsapato zotsetserekera pa chipale chofewa, amenenso mwana wake womubereka anali atapambana mpikisano womwewo mu 1972. Lange anaimbidwa mlandu wosocheretsa mwana ndipo nkhaniyo inatha iye atapereka madola 2,000 ku bungwe la anyamata la ku Boulder. Amati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, koma kuno zinatembenuka: anadya ndi wamkulu, m'mimba munapota mwana, ndipo dzina lake ndi limene linamveka dziko lonse.

Podziteteza, Lange ananena kuti kubera kunali ponseponse mumpikisanowo. Mawu amenewa samuchotsera mlandu, koma sindiona chifukwa chowakanira. Ndipo pali china chimene olira masiku akale amachilumpha. Chevrolet sinathawe chifukwa cha maginito. Inali itachoka kale kumapeto kwa 1972, pa nthawi imene John DeLorean ankaitsogolera, poona kuti mpikisanowo watha fasho ndipo ukudya ndalama zambiri. Maginito anapeza nyumba ikudontha kale. Mizinda yotumiza ana inachepa kwambiri, ndipo pakanapanda kampani ya Novar Electronics ya kufupi ndi Akron imene inautola mpikisanowo, mwina bwenzi lero tikukamba za chinthu chakufa.

Mankhwala amene anasankhidwa anali kufananitsa. Mu 1976 anayambitsa gulu la ana ang'onoang'ono opanga tingolo kuchokera ku zipangizo zogulitsidwa pamodzi, ndipo mu 1992 kunabwera gulu la Stock, limene chilichonse chimabwera chodulidwa kale, thupi lake n'kukhala lapulasitiki loumbidwa kufakitale. Mwana ndi kholo lake amatha kukalumikiza tsiku limodzi. Lero kuli magulu atatu akuluakulu, Stock, Super Stock ndi Masters, a ana ndi achinyamata. Kulemera kuli ndi malire: mu Stock, kangolo pamodzi ndi woyendetsa sapitirira makilogalamu pafupifupi 91. M'mipikisano yambiri ya m'madera, ana awiri amatsika kawiri, ndipo ulendo wachiwiri amasinthana mbali ya msewu komanso matayala. Lamulo limeneli ndi lanzeru kuposa onse, chifukwa aliyense wothira mankhwala matayala ake akudziwa kuti posachedwa awapereka kwa mdani wake.

Zabwino za kufananitsaku sizobisika. Mwana amene kwawo kulibe galaja, kulibe macheka, mwina kulibenso bambo, akhoza kupikisana n'kupambana. Sukulu ikhoza kugula tingolo tingapo n'kuphunzitsira sayansi. Mabuleki ndi chiwongolero n'zoyesedwa, osati zongoyerekeza. Ndiponso chitseko chinali chitayamba kale kutseguka kwina: atsikana, amene analetsedwa mpaka 1971, anaonetsa msanga kuti mtsetse suwasala, pamene Karren Stead wa ku Pennsylvania, wa zaka 11, anapambana mu 1975 dzanja lili mu pulasitala. Mpikisano umene umayesa kuyendetsa, kudekha ndi kusankha mzere wabwino pamsewu ndi mpikisano wa mwana weniweni, chifukwa chotchinga chikagwa, bambo amatsala pamwamba pa chitunda.

Otsutsa amati kulumikiza si kupanga, ndipo pamenepo sakunama. Kutsatira kabuku ka malangizo ndi luso, koma si luso limene Lunn anali nalo pokonza kangolo kophwanyika. Tingolo ta masiku ano timasiyana penti ndi zomata basi. Mtengo wake ndi madola mazanamazana, kotero wosauka amene kale ankatola matabwa kudzala, lero amadikira kuti wina amugulire. Bungwe loyendetsa mpikisano limapezanso gawo lalikulu la ndalama zake pogulitsa zipangizo zomwezo, ndiye likamayamikira kufananitsa tizikumbukira kuti likuyamikiranso malonda ake. Choposa zonse, wamkulu uja sanachoke ayi. Anangosiya macheka n'kutenga zoyezera. Banja lokhala ndi nthawi, galimoto ndi ndalama zoyendera mipikisano ya m'mizinda ina kumapeto kwa sabata iliyonse limadziwa kulunjikitsa ekiselo kuposa banja lobwera koyamba.

Kunja kwa Akron kuli umboni wina. Ku Germany ana anayamba kupikisana pa tigalimoto tamatabwa ku Oberursel mu 1904, potengera mpikisano wa magalimoto wa Gordon Bennett umene unadutsa kuderalo, ndipo nkhondo itatha Opel inachita kumeneko zimene Chevrolet inkachita ku America, mpaka nayonso inasiya kumayambiriro kwa m'ma 1970. Ku Brazil, carrinho de rolimã ndi thabwa chabe lokhala pa maberingi otha otoledwa kwa amakaniko, lowongoleredwa ndi mapazi, ndipo palibe kampani imene inafunika kuti mibadwo ya ana ilidziwe. Ku Manizales m'dziko la Colombia tingolo ta maberingi timatsetsereka m'misewu ya mzinda wa m'mapiriwo. Mpikisano wa Red Bull, umene unayambira ku Belgium mu 2000, ndi wa akuluakulu, ndipo oweruza amayang'ananso luso la kapangidwe ndi msangalatso, osati liwiro lokha, choncho anthu amabwera ndi zinthu zoseketsa zimene zimaphwasukira panjira owonerera akufa ndi phwete. Uko ndi kutsatsa chakumwa, n'zoona, koma ufulu wopanga uliko wonse.

Ndikaika zonsezi pamodzi, ndimaona kuti bokosi la zipangizo likuimbidwa mlandu wa imfa imene silinachite. Ufulu wa mwana wopanga yekha unafa pamene mphoto inakula mokwanira kukopa akuluakulu, ndipo unafa zaka zambiri bokosilo lisanabwere. Kumene tingolo todzipangira tikadalipo ndi kumene chopambana n'chochepa, kapena kumene liwiro silokhalo loweruzira. Pa chikho cha dziko lonse chimene chimalekanitsidwa ndi kachigawo ka sekondi, kufananitsa zipangizo ndiyo njira yokhayo imene ndikuiona yotsekera galaja ya usiku ija, ndipo a ku Akron anachita bwino kuisankha. Kulakwa kumabwera pokhapo pamene wina auza mwana kuti wapanga galimoto, chikhalirecho wangomanga mabawuti mmene kabuku kanenera.

Okonza mpikisanowo nawonso akuoneka kuti mpata umenewu anauona. M'zaka zaposachedwapa anatsegula gulu lotchedwa Legacy, limene achinyamata okulirapo amaloledwanso kupanga kangolo kuyambira pa thabwa monga kale. Gululi ndi laling'ono poyerekeza ndi atatu aja, ndipo ine ndikanakonda likhalebe choncho, chifukwa tsiku limene lidzakhale ndi mphoto yaikulu ndi makamera ambiri, oyendera tingolo adzayenera kuyambiranso kufunsa funso limene linawakanika kwa zaka 40 zoyambirira: kodi thabwa ili anacheka ndani?